Mutu 7: Mbava Zolowera mu Fulashi ndi mu Foni

Mwezi wa Epulo ukafika, malole odzaza mabelo a fodya amayamba kundanda pachipata cha msika wa Chinkhoma m'boma la Kasungu. Amachokera ku Santhe, ku Chamama, kwa Chulu, kwa Wimbe, ena mpaka ku Nkhamenya. Belo likatsitsidwa limakwera pasikelo, limapatsidwa tikiti, ndipo kulemera kwake, giredi yake ndi mtengo umene ogula apereka zimalembedwa mu kompyuta. Mlimi sachoka pamsikapo ndi mpukutu wa ndalama m'thumba. Akadula ngongole ya feteleza, ya thiransipoti ndi misonkho, zotsalazo zimapita kubanki, ndipo uthenga woti zalowa umamupeza pafoni ali kwawo. Pafoni pomwepo amakankha zina ku Airtel Money kapena ku Mpamba kuti alipire matenanti, fizi ya ana ndi ngongole ya kugolosale.

M'chaka cha 2024 alimi a m'dziko muno adagulitsa fodya woposa makilogalamu 133 miliyoni, ndipo adapeza madola a ku America oposa 390 miliyoni. Pafupifupi tambala iliyonse ya ndalama zimenezi idadutsa mu kompyuta kapena mu foni isanafike m'manja mwa mwini thukuta. Mlimi wa fodya amadziwa kulondera chigafa usiku mabelo akamangidwa, amadziwanso kuti mthumba la jekete simuikidwa ndalama pokwera minibasi ya ku Lilongwe. Koma chipangizo chimene chanyamula ndalama zake zonse za chaka amachibwereketsa kwa aliyense, amachisiya kotchajitsa tsiku lonse, ndipo amalowetsamo chilichonse chimene mnzake wamupatsa chaulere.

Vairasi imachita kulembedwa ndi munthu

Anthu ambiri amati vairasi pa vuto lililonse la chipangizo. Foni ikamachedwa, vairasi. Batire likamatha msanga, vairasi. Ena amakhulupirira kuti imabadwa yokha m'kati chifukwa cha fumbi kapena kutentha. Ayi ndithu. Vairasi ndi pulogalamu monga ina iliyonse, ndipo kumbuyo kwake kuli munthu amene adakhala pansi n'kuilemba ali ndi cholinga.

Imodzi mwa mavairasi oyambirira kufalikira pa makompyuta a anthu wamba idalembedwa mu 1986 ndi anyamata awiri apachibale a ku Lahore, m'dziko la Pakistan, Basit ndi Amjad Farooq Alvi. Inkatchedwa Brain, inkayenda pa madisiki, ndipo eni ake adalembamo maina awo, keyala yawo ndi nambala zawo za foni. Sadali kubisala konse. Patangopita zaka zitatu, mu 1989, Joseph Popp wa ku America adatumiza madisiki pafupifupi 20,000 kwa anthu ochita kafukufuku wa Edzi m'maiko osiyanasiyana, ponamizira kuti muli maphunziro a matendawa. Amene adaika pulogalamuyo adapeza mafayilo awo atabisika, ndipo uthenga unkawauza kuti atumize madola 189 ku bokosi la positi ku Panama. Kuba kotereku n'kumene lero kwakula kukhala bizinesi ya magulu a zigawenga okhala ndi antchito, malipiro, ngakhalenso anthu oyankha mafunso a amene aberedwawo.

Mapulogalamu oipawa sagwira ntchito mofanana. Ina imadzichulukitsa yokha kuchoka pa kompyuta iyi kupita pa ina. Ina imabisala m'kati mwa pulogalamu yooneka yothandiza, monga gemu kapena tochi ya pafoni. Ina imangokhala phee, n'kumawerenga chilichonse chimene mwini akulemba, kuphatikizapo nambala zachinsinsi za kubanki. Yoopsa kwambiri m'maofesi ndi ija imakhoma mafayilo onse n'kulamula dipo, imene akatswiri amaitcha ransomware. Mapulogalamu onsewa amafanana pa chinthu chimodzi: khomo lolowera. Nankafumbwe kawirikawiri sathyola nkhokwe. Amalowa ndi chimanga chimene mwini wakolola yekha kumunda. Mavairasi ambiri nawonso amalowetsedwa ndi dzanja la mwini chipangizo.

Fulashi ya mlembi wa kalabu

Alimi ang'onoang'ono ambiri amagulitsa fodya kudzera m'makalabu, ndipo chaka ndi chaka amalembetsa ku bungwe la Tobacco Commission. Mlembi wa kalabu kapena wa kopaletivi amasunga mndandanda wa mamembala, kukula kwa minda yawo, amene adatenga matumba angati a feteleza pangongole, ndi amene wabweza. Kuofesi kulibe purinta, choncho amatenga fulashi kupita pa Kasungu boma kukapurintitsa. Kompyuta imene akaibayapo yalandira kale mafulashi ambirimbiri tsiku lomwelo: a ophunzira, a ofuna ntchito, a anyamata obena nyimbo ndi mafilimu, a aphunzitsi opurintitsa mayeso.

Akabwerera n'kuibaya pa laputopu ya kalabu, amaona zachilendo. Mafoda onse alipo ndi maina awo omwe aja, koma pakona ya chithunzi cha foda iliyonse pali kamuvi kakang'ono kopindika. Foda ya mamembala, imene idali ndi mafayilo a zaka zisanu, tsopano ikuonetsa kuti ndi ya 1 KB kapena 2 KB. Iye amadina ndithu, poti akufuna kuona ngati zinthu zake zilimo. Nthawi zina foda imatsegukadi, mtima n'kukhala pansi. Koma pa kudina komweko kapulogalamu kobisika kadzikopera mu laputopu, kadziika pamalo poti kazidzuka nthawi iliyonse makinawo akayatsidwa, ndipo fulashi iliyonse imene idzabayidwepo mawa idzachokapo ndi matenda omwewo.

Imeneyi ndi vairasi ya shortcut, imene imapezeka kawirikawiri m'maofesi a sukulu, a matchalitchi ndi a makalabu m'dziko muno. Chomvetsa chisoni n'chakuti alembi ambiri amathamangira kufomata fulashi, n'kufufuta okha zinthu zimene vairasi sidafufute. Mafayilo enieni amakhala alimo, angobisidwa. Wodziwa makompyuta, akakhala pa makina oyera okhala ndi antivairasi, amachotsa timivi tija ndi kapulogalamu kaja, kenako n'kulamula Windows kuti ionetse zobisika. Ntchito yake ndi ya mphindi zochepa. Kufomata kubwere pambuyo, mafayilo atakoperedwa kale kwina.

Njira yopewera ndi yapafupi kuposa yochiza. Malo ambiri opurintira masiku ano amalandira chikalata pa WhatsApp kapena pa imelo, ndipo chikapita ngati PDF fulashi imatsala kunyumba. Pamene fulashi ikufunikabe, kalabu ikhale ndi ziwiri: ina yoyenda nayo kutauni, yonyamula chikalata chimodzi chokha chimene chikukapurintidwa, ina yosatuluka m'kabati. Yoyendayo ikabwerako ipimidwe ndi antivairasi isanatsegulidwe.

Wina asaderere kachipangizo kameneka. Mu 2010 kudadziwika vairasi yotchedwa Stuxnet, imene idaononga makina pafupifupi 1,000 pamalo a nyukiliya a Natanz m'dziko la Iran. Makompyuta a kumeneko sadali olumikizidwa ku intaneti, ndipo akatswiri amene adaifufuza adapeza kuti idapangidwa kuti iziyenda pa fulashi.

M'thumba mwa aliyense

Makompyuta ku Kasungu alipo owerengeka, koma foni ili m'thumba la pafupifupi aliyense amene wagwirapo ndalama ya fodya. Fodya akangogulitsidwa, mashopu a mafoni pa boma amadzaza, ndipo itel kapena Tecno yatsopano imakhala pakati pa zinthu zoyamba kugulidwa, pamodzi ndi malata ndi njinga. Foni ikatuluka m'bokosi, mwini amaipereka kwa mnyamata wa pakhonde la shopu kapena kwa mphwake kuti amuikire zofunika. Poti bandulo ndi yodula, ambiri sapita ku Play Store. Mapulogalamu amasamutsidwa kuchoka pa foni ina kudzera pa Xender kapena pa memore khadi, ndipo foni ikachenjeza kuti pulogalamuyi ikuchokera kosadziwika, chala chimangodina kuvomera.

Pakati pa zoikidwazo sipalephera kukhala GB WhatsApp kapena abale ake. Achinyamata amaikonda chifukwa imaonetsa mauthenga amene wina wafufuta, imabisanso kuti munthu ali pa intaneti. Koma siidapangidwe ndi kampani ya WhatsApp, sipezeka pa Play Store, ndipo imadutsa m'manja mwa anthu osadziwika amene angathe kuonjezeramo chilichonse. Mu 2021 kampani ya Kaspersky idapeza pulogalamu yoipa yotchedwa Triada m'kati mwa FMWhatsApp, mmodzi mwa abale akewo, ndipo chaka chotsatira idaipezanso mu YoWhatsApp. Triada imatha kuwerenga mauthenga a SMS, kulembetsa mwini foni ku zinthu zolipira iye osadziwa, ndi kuitana mapulogalamu ena oipa kuti alowe. Eni WhatsApp nawo amatseka nambala zimene zapezeka zikugwiritsa ntchito mitundu yosavomerezekayi.

Pena vuto limabwera ndi foni kuchokera kufakitale. Mu 2020 akatswiri a Secure-D adalengeza kuti adapeza Triada yomweyo pamodzi ndi inzake xHelper pa mafoni a Tecno W2 okwana 53,000 amene adagulitsidwa ku Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa. Mafoniwa ankadya okha bandulo ndi mayunitsi a eni ake. Kampani ya Transsion, imene imapanga Tecno, idati vutolo lidalowera kwa wina wa amene ankaigulitsa zipangizo, ndipo idatulutsa pulogalamu yokonzera. Amene adapwetekeka ndi anthu osauka, ogula foni yotsika mtengo, amene mayunitsi a tsiku limodzi ndi ndalama ya ndiwo.

Foni yodwala imadzionetsa. Bandulo imatha mwini asanachite nayo kanthu, mayunitsi amasowa usiku, zotsatsa malonda zimatulukira pasikirini ngakhale palibe chimene chatsegulidwa, foni imatentha ili chigonere patebulo, ndipo pamapezeka mapulogalamu amene mwini sakumbukira kuti adaika. Chizindikiro chimodzi pachokha chingakhale ukalamba wa batire chabe, koma zikakumana ziwiri zitatu ndi nthawi yolowa mu Settings n'kuyang'ana mndandanda wa mapulogalamu imodziimodzi.

Pamenepo pali funso limodzi lofunika kufunsa pulogalamu iliyonse: ikupempha chilolezo cha chiyani? Tochi ilibe chifukwa chowerengera ma SMS. Gemu ya mpira ilibe ntchito ndi mndandanda wa nambala za abale. Banki ikafuna kutsimikiza kuti amene akutumiza ndalama ndi mwini akaunti, imatumiza nambala ya kanthawi kochepa pa SMS, ndipo pulogalamu imene idaloledwa kuwerenga ma SMS imaiona nambalayo nthawi yomweyo, mwina mwini asanatulutse n'komwe foni m'thumba. Mapulogalamu ena obwereketsa ndalama mwachangu amakopera nambala zonse za m'foni, ndipo wobwereka akachedwa kubweza amayamba kutumiza mauthenga onyoza kwa apongozi, abusa ndi abwana ake. Google idaika mlonda waulere m'mafoni a Android okhala ndi Play Store, dzina lake Play Protect. Aliyense wouza munthu kuti amuzimitse kuti pulogalamu inayake ilowe, wanena kale kuti pulogalamuyo ndi yotani.

Palinso malinki. M'magulu a WhatsApp a kumpingo, a kalabu ndi a kumudzi mumayenda mauthenga olonjeza bandulo yaulere, ntchito za kunja, feteleza wotsika mtengo, kapena kulembetsa Mtukula Pakhomo, ndipo amati munthu adine apa kenako atumize kwa anzake khumi. Amene amafalitsa ndi anthu abwino ofuna kuthandiza anzawo, n'chifukwa chake amakhulupirika. Linki ina imatsegula tsamba lofanana ndi la banki kapena la Facebook kuti munthu alembepo yekha mawu ake achinsinsi. Ina imatsitsira fayilo yothera ndi .apk, imene ndi pulogalamu yoti ilowe mu foni. Boma sililembetsa anthu a Mtukula Pakhomo kudzera pa linki ya pa WhatsApp.

Kuba kwina sikufuna vairasi n'komwe, ndipo nkoyenera kukusiyanitsa. Uthenga uja woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena foni ya munthu wodzitcha wa ku kampani ya mafoni amene akufuna pini kuti akonze akaunti, ndi bodza chabe lopanda luso lililonse la makompyuta. Chimodzimodzi wopempha nambala ya manambala 6 imene WhatsApp yatumiza, ponamizira kuti yabwera molakwika: akangopatsidwa, akaunti yapita, ndipo amayamba kupempha ndalama kwa abale m'dzina la mwini. Mu 2023 bungwe la MACRA lidati Amalawi amaberedwa pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera pa ndalama za pafoni, ndipo izi zinkachitika ngakhale kuti kuyambira 2018 nambala iliyonse imayenera kulembetsedwa. Palibe antivairasi imene ingateteze munthu amene watchula yekha pini yake. Pini ya Mpamba, ya Airtel Money kapena ya kubanki siuzidwa kwa ejenti, kwa wokonza mafoni, ngakhale kwa wa kukampani weniweni, pakuti iyeyo saifuna.

Pamene mapasipoti adaima

Wina anganene kuti iye alibe kompyuta, foni yake ndi ya mabatani, choncho nkhaniyi siikumukhudza. Chaka cha 2024 chidayankha zimenezo. Kuyambira mu Januwale, nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko idaleka kupereka mapasipoti, ndipo poyamba inkangoti makina avuta. Pa 21 Febuluwale, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti zigawenga za pa intaneti zidalowa m'makina osindikizira mapasipoti ndipo zikufuna dipo. Adati boma silipereka ndalamazo, ndipo adapatsa nthambiyo masabata atatu kuti ipeze njira yongoyembekezera. Mabungwe ena omwe si aboma adatsutsa, nati gwero la vutolo lidali mkangano wa pakati pa boma ndi kampani imene inkayendetsa makinawo kale. Kusindikiza kudayambiranso mu Malichi, poyamba ku Lilongwe kokha.

Kaya chidatseka makinawo n'chiyani, amene adavutika ndi anthu wamba. Mnyamata wa ku Kasungu amene adagulitsa mbuzi kuti apeze pasipoti yopitira ku Joni adayenda makilomita pafupifupi 130 kukafika ku Lilongwe n'kubwerako chimanjamanja. Odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira amene adapeza malo m'masukulu a maiko ena, amayi a geni yoodera katundu ku Dar es Salaam, onse adadikira. Dziko lonse lidaona kuti zolemba za nzika zake zikakhala pamalo amodzi, popanda njira ina yoyendetsera ntchito, amene wagwira kiyi wa malowo wagwira aliyense.

Maiko ena a m'chigawo chathu adakumana nazo kale. Mu Julayi 2019 ransomware idagwira City Power, kampani ya magetsi ya mzinda wa Johannesburg, ndipo anthu ambiri adalephera kugula mayunitsi a magetsi pakati pa nyengo yozizira. Mu Julayi 2021 idagwira Transnet, imene imayendetsa madoko a South Africa, ndipo ntchito ya makontena padoko la Durban, limodzi mwa madoko amene katundu wa Malawi amadutsira, idasokonekera kwa masiku angapo. Mu Meyi 2022 gulu lotchedwa Hive lidalowa m'makompyuta ena a Bank of Zambia. Bankiyo idakana kulipira, chifukwa makina ake ofunika kwambiri adali otetezeka ndipo idatha kubwezeretsa zimene zidasokonekera.

Nkhani yophunzitsa kwambiri pa zonsezi ndi ya Maersk, kampani yaikulu ya sitima za makontena. Pa 27 Juni 2017 vairasi yotchedwa NotPetya, imene idayambira mu pulogalamu yowerengetsera misonkho ku Ukraine, idafafaniza makompyuta a kampaniyi padziko lonse m'kanthawi kochepa. Makina onse osunga mndandanda wa amene ali ndi chilolezo cholowa mu netiweki adafa pamodzi, chifukwa onse adali olumikizana. Akatswiri adaimba mafoni m'maofesi a maiko ambiri kufunafuna kope limodzi lotsala, ndipo adalipeza ku Ghana. Kumeneko magetsi adali atazima vairasi isanafike, ndipo makinawo adali asanalumikizidwenso. Wantchito wina adanyamula disikiyo pandege mpaka ku Nigeria, n'kuipereka kwa mnzake amene adapita nayo ku England. Maersk idaikanso mapulogalamu pa maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000 m'masiku 10, ndipo idataya madola pakati pa 250 ndi 300 miliyoni.

Chimene chidapulumutsa Maersk mwamwayi, kalabu ya alimi ingathe kuchichita mwadala. Kope la mafayilo limene lili pa disiki yobayidwa pa kompyuta nthawi zonse limakhomedwa limodzi ndi zinazo. Lothandiza ndi limene lakoperedwa, n'kuzulidwa, n'kuikidwa kwina, makamaka m'nyumba ina, kuti moto kapena akuba asatenge zonse pamodzi. Mndandanda wa mamembala ndi ngongole zawo ndi fayilo yaing'ono imene ingathenso kutumizidwa pa imelo ya kalabu kapena kusungidwa pa Google Drive popanda kudya bandulo yambiri. Ndipo kaundula wa pepala asatayidwe. Mkangano wa ngongole ya feteleza pakati pa anthu a mudzi umodzi, laputopu itafa, umatha kuphwasula kalabu imene idamangidwa zaka khumi.

Za kulipira dipo, apolisi a m'maiko ambiri amalangiza kuti anthu asalipire. Palibe chimene chimakakamiza mbava kupereka kiyi ikalandira ndalama, ndipo amene walipira kamodzi amadziwika kuti ndi wolipira.

Update ndi mtengo wa bandulo

Pulogalamu iliyonse yaikulu imakhala ndi ming'alu imene olemba ake sadaione. Ikapezeka, kampani imatumiza chigamba, ndipo ndicho chimene foni kapena kompyuta imatanthauza ikamapempha update. Pa 12 Meyi 2017 ransomware yotchedwa WannaCry idagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko 150. Ku Britain zipatala za boma zidabweza odwala, ndipo nthawi zoonana ndi dokotala pafupifupi 19,000 zidalephereka. Microsoft idali itatulutsa chigamba cha mng'alu womwewo mu Malichi, miyezi iwiri m'mbuyo. Amene adagwidwa ndi amene adali asanachiike, ndi amene ankagwiritsa ntchito Windows yakale imene kampani idasiya kuisamala.

Apa mpamene pali vuto lathu lenileni. Makompyuta ambiri a m'masukulu, m'makopaletivi ndi m'mashopu ndi akaunjika, kapena adabwera ngati mphatso za mabungwe. Ambiri akuyenderabe Windows 7, imene Microsoft idasiya kuitumizira zigamba pa 14 Januwale 2020. Tsiku lomwe idaika la Windows 10 lidali 14 Okutobala 2025. Enanso ali ndi Windows ndi Office zobedwa, zotsegulidwa ndi timapulogalamu timene timafuna kuti antivairasi izimitsidwe kaye. Okonza makompyuta ambiri amazimitsiratu update dala, poopa kuti idya bandulo ya kasitomala kapena iulula kuti Windows si yeniyeni. Kasitomala amathokoza kuti wathandizidwa, osadziwa kuti wabwerera kwawo ndi makina osatseka.

Pa Windows 10 ndi 11 mumakhala kale antivairasi yaulere, Microsoft Defender, ndipo kwa ofesi yaing'ono ndi yokwanira bola ilandire update. Antivairasi imene idaikidwa zaka zitatu zapitazo n'kusiyidwa imadziwa mavairasi a zaka zitatu zapitazo basi. Kuika ziwiri kapena zitatu pa makina amodzi sikuonjezera chitetezo. Zimangolimbana zokhazokha, kompyuta n'kumayenda pang'onopang'ono. Makina akale amene sangathe kunyamula Windows yatsopano angathe kuikidwa Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, pamodzi ndi LibreOffice. Zonsezi ndi zaulere mwalamulo, zimalemba makalata ndi kuwerengetsa ndalama bwinobwino, ndipo vairasi ya shortcut ija siigwira ntchito pamenepo. Laputopu imene imasunga ndalama za kalabu isakhalenso yoonetsera mafilimu madzulo kapena yobenera nyimbo, ndipo ikhale ndi mawu achinsinsi osakhala dzina la kalabu kapena chaka chobadwa cha mlembi. Pa WhatsApp, pa imelo ndi pa Facebook pali njira yotsimikizira kawiri, imene kuitsegula sikudya mphindi zisanu. Wakuba ngakhale atadziwa mawu achinsinsi amakanika kulowa.

Malamulo alipo. Lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act limati kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo kapena kufalitsa vairasi mwadala ndi mlandu wa chindapusa ndi ndende, ndipo lidakhazikitsa gulu la akatswiri la Malawi CERT pansi pa MACRA kuti lizilandira malipoti a ziwembu zotere. Mu 2024 kudabweranso lamulo la Data Protection Act, limene limapereka udindo kwa aliyense wosunga maina, nambala za ziphaso ndi zina za anthu kuti aziteteze. Woberedwa ndalama za pafoni ayenera kudziwitsa kampani ya foni kapena banki nthawi yomweyo, chifukwa ndalama zikadali pa nambala ya wakubayo zimatha kutsekeredwa, kenako apite kupolisi ndi mauthenga onse asanafufutidwe. Ambiri sanena, makamaka akuluakulu, poopa kusekedwa pamudzi. Manyazi amenewo ndi amene amalola nambala imodzi kubera anthu ambiri motsatizana.

Komabe si chilungamo kuunjika udindo wonse pa mlimi. Munthu amene amagula bandulo ya tsiku limodzi sangavomere update yaikulu kuposa bandulo yakeyo, ndipo kumuuza kuti ndi wosasamala sikusintha masamu ake. Machenjezo a pasikirini, kuphatikizapo aja ofunsa chilolezo, kawirikawiri amabwera m'Chingerezi, kwa munthu amene adalekeza sukulu ku pulayimale. Makampani a mafoni, amene amapeza phindu pa kwacha iliyonse yodutsa pa Mpamba ndi Airtel Money, angathe kupereka maola ena a usiku oti update izilowa osadula bandulo. Makampani ogula fodya ndi mabungwe a alimi monga TAMA Farmers Trust ali kale ndi alangizi amene amafika pa nazale iliyonse kukaphunzitsa za mbewu, mankhwala ndi kuletsa ana kugwira ntchito m'minda. Alangizi omwewo apatsidwe theka la ola, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, loti aphunzitse alimi za pini, malinki ndi fulashi ndalama za fodya zisanayambe kulowa.